Msomali Wofupika wa Mfuti ya a Shaba

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, poti mudazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Pano ndikulemba za ntchito. Mumandiseka kuti munthu akagogoda ndimayamba ndasuzumira pawindo, ndi kuti mlendo akandifunsa za moyo ndimamufunsa kaye kuti watumidwa ndi yani. Khalidwe limeneli sindidabadwe nalo. Ndidakalitenga ku Mzimba.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970: kufika pa boma la Mzimba

Nditamaliza maphunziro okonza mfuti kummwera, adanditumiza ku Mzimba. Ine mwana wa ku Ntchisi, Chitumbuka sindinkachidziwa ngakhale cha moni. Ndidatsika basi ndi mayi anu, sutikesi imodzi ndi makina awo osokera, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ofesi yathu inkayang'anira alonda a nkhalango ndi alenje a boma, aja ankatumidwa nguluwe zikamaliza chinangwa cha anthu kapena chilombo chikalowa m'khola. Ine fundi wawo, ndiye kuti mmisiri wa mfuti, adandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Mudali tebulo, chopanira zitsulo, tupa ziwiri, ndi windo la zitsulo loyang'ana kuchimbudzi.

Mfuti zathu zidali zakale, zotsala kunkhondo ya azungu, zokoka ndi dzanja. Kuti mumve bwino nkhani yanga muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Pamwamba pa mfuti yotere pali chitsulo chomwe umachikokera m'mbuyo n'kuchikankhira kutsogolo kuti chipolopolo chilowe. Ife tinkachitcha bawuti. M'kati mwa bawutimo muli sipuling'i ndi msomali wautali. Ukakhethemula, msomaliwo umatumphuka n'kubaya chipolopolo kumbuyo, mfuti n'kulira. Nsonga ya msomali ikafupika pang'ono chabe, ngati makulidwe a chikhadabo, mfuti imangoti tha, osalira. Kunja imaoneka yabwinobwino, ndipo diso la munthu wamba silingaone kusiyana. Lamulo lidali loti bawuti amatsegula ndi ine ndekha, ndipo kachitsulo komasulira kankagona m'thumba mwanga.

Zosowa zidali zambiri. Oyilo ankabwera mwa apo ndi apo, moti nthawi zina ndinkaba wa makina a mayi anu, iwo n'kumadabwa kuti botolo lawo likudontha pati. Zitsulo zosinthira kudalibe. Ndidali ndi bokosi la mfuti zakufa lomwe ndinkalitcha manda, ndipo m'menemo ndimo ndinkafukula sipuling'i kapena msomali wochiritsira mfuti yamoyo. Koma chosowa chenicheni chidali zipolopolo. Mlenje ankapatsidwa zitatu, ndipo pobwera ankayenera kubweza zitatu zomwezo, kaya zamoyo kaya makoko ake. Kuwombera m'mwamba kuti uyese mfuti kudali mlandu. Kutaya chipolopolo ndiye usanene, chifukwa masiku amenewo chipolopolo sichinkatayika, chinkakhala kuti wapatsa adani a boma.

Kudali kuopana. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo pa Mzimba mlomo unkatsata munthu pa galimoto. Anthu akumeneko ankationa ife obwera ngati makutu a boma. Ifenso tinkachenjezedwa kuti tisazolowerane nawo. Ukalowa m'sitolo anthu akuseka m'Chitumbuka, kuseka kunkatha, wina n'kuti, “Yewo, a fundi,” onse n'kumayang'ana sopo.

Chaka chachiwiri: bwana Chikafa ndi a Shaba

Bwana amene ndidamupeza adali nkhalamba yokonda tulo, ndipo sitidavutane. Atapuma, kudabwera bwana Chikafa, munthu wa kuchigawo chapakati ngati ine, wamfupi, wa nsapato zonyezimira. Sankakalipa. Ankayankhula motsitsa mawu, akusewera ndi makiyi, ndipo akakuyamikira unkapita kunyumba kukaganiza kuti walakwa chiyani. Sankalemba lamulo lililonse lovuta. Ankakuitanira panja, pansi pa mtengo wa bulugamu, n'kukuuza akuyang'ana kwina.

Mwa alenje onse, wamkulu adali a Yotamu Shaba a kufupi ndi Champhira. Adali munthu wamtali, wa imvi za m'mbali, wosayankhulayankhula. Mfuti yawo ankaisamala kuposa momwe ena amasamalira akazi awo. Akabwera nayo kwa ine sankachoka, ankakhala pakhomo n'kumayang'ana manja anga mpaka nditamaliza. Ine a Shaba sindinkawakhulupirira ngakhale pang'ono. Loweruka lililonse ndinkawaona akulowa kwa bwana Chikafa kudzera kuseri, atanyamula kamtolo ka nyama. Tsiku lina kalaliki wathu adaseka nkhani ya makadi a chipani a Shaba ali pomwepo, ndipo mwezi usanathe kalalikiyo adatengedwa. Komanso ankakonda kundifunsa mafunso osaoneka mutu wake. “A fundi, kwanu ku Ntchisi anthu akukondwa?” Ine ndinkayankha kuti akukondwa kwambiri, mvula ikugwa bwino, ngakhale mu Okutobala. Ndidauza mayi anu kuti munthu ameneyu ndi kazitape, akabwera kudzapempha madzi azimupatsa madzi okhaokha.

Chilimwe cha chaka chachitatu: lamulo la pansi pa bulugamu

Kudamveka kuti kukubwera alendo akuluakulu ochokera ku likulu, ndipo alonda ndi alenje athu adzaima m'mbali mwa msewu ndi mfuti zawo. Bwana Chikafa adandiitanira pansi pa mtengo uja.

“Mbewe, mfuti zonse zibwera kwa inu kuti muzipukute,” adatero. “Za anyamata akwathu muzipukute basi. Za anthu akunowa, ndikufuna zizioneka bwino koma zisamalire. Mukundimva?”

Ndidati, “Bwana, ngati pali mantha, bwanji tingochotsa mabawuti onse tiwatsekere m'bokosi mpaka alendo atadutsa?”

“Kuti adziwe kuti tikuwaopa? Ayi. Munthu azinyamula mfuti yake akuyesa ndi yamoyo. Nkhani imeneyi tikuidziwa anthu awiri. Ndikadzaimva kwa wachitatu, sindidzavutika kufufuza.”

Mpaka lero sindidziwa ngati lamulo limenelo lidachokeradi kumwamba kapena lidabadwira m'mutu mwa bwanayo. Kufunsa kudali kosatheka. Ndidatseka chitseko, ndidamasula mabawuti, ndidadyetsa nsonga za misomali ku tupa. Ndinkadziuza kuti ndi za sabata imodzi, alendo akadutsa ndidzafukula misomali ina kumanda kuja. A Shaba tsiku limenelo adatumidwa dala ku Jenda kuti asakhale pakhomo panga. Alendo adadutsa, fumbi lidakhazikika. Nditapita kwa bwana kukapempha kuti ndibwezeretse zinthu, adati ndidikire, kukubweranso ena. Miyezi idapita. Mwamwayi minda idali itakololedwa, kudalibe woitana mlenje, ndipo amuna aja ankayenda ndi ndodo zachitsulo pamapewa akuyesa ndi mfuti.

Dzinja lotsatira: kambuku wa ku Luwawa

Mvula itakhazikika, kudabwera uthenga wochokera ku Luwawa, kunkhalango ya paini. Kambuku wina, yemwe kumeneko amati nyalubwe, adakodwa mu msampha wa waya n'kuudula, ndipo poti mwendo udali wolumala sankathanso kugwira gwape. Adayamba mbuzi za anthu ocheka matabwa, kenako agalu, kenako adagwira mtsikana wopita kumadzi, yemwe adapulumuka chifukwa cha kukuwa kwa amayi anzake. Bwana Chikafa adatuma a Shaba. Ndidawaona akulandira zipolopolo zawo zitatu, akukwera lole ya matabwa.

Ndidathamangira ku ofesi. “Bwana, a Shaba apita ndi mfuti ija. Msomali uja.”

Adandiyang'ana akusewera ndi makiyi. “Msomali uti, Mbewe? Ine za misomali sindidziwa. Ngati mfuti ya boma ili ndi vuto, wokonza mfuti ndinu.”

Apo ndidaona pomwe ndaima. A Shaba akafa, mlandu ndi wanga, fundi wosadziwa ntchito. Ndikawauza, ndaulula chinsinsi cha boma kwa munthu wolowa kwa bwana kudzera kuseri. Ndidafika poganiza kuti mwina kambukuyo ndi weniweni koma ulendowo ndi msampha wotchera ine, kuti a Shaba akudziwa zonse ndipo akungodikira kuti nditsegule pakamwa. Kunyumba chakudya chidandikanika. Mayi anu, omwe ndidali ndisanawauze kanthu, adandifunsa, ndipo ndidawafotokozera zonse, achimwene anu aakulu ali kumsana kwawo.

“Mukapita mutisiya pa mavuto,” adatero. “Koma mukapanda kupita, maliro akewo mukakhala nawo bwanji pa siwa?”

Ndidapeza njira yomwe ndinkayesa ndi yanzeru. Ndipita ngati ndikukagula matabwa a bedi, ndikapeza a Shaba, ndikawauza kuti ndaiwala kuthira oyilo, ndikasintha msomali iwo akuyang'ana kwina. Palibe chomwe ndinganene, palibe chomwe angakanene. Loweruka m'mawa ndidafukula msomali wabwino m'bokosi lija, ndidaukulunga m'mpango, ndidakwera lole. Msewu wa ku Luwawa nthawi ya dzinja ndi phala. Tidakankha lole kuposa momwe idatinyamulira, ndipo ndidafika dzuwa litapendeka, nkhungu ikutsika m'mapaini.

A Shaba ndidawapeza kwa mlamu wawo, kumapeto kwa nyumba za antchito. Mfuti idali pakhonde, itagonekedwa pa timitengo tiwiri tamphanda, ikudontha madzi obiriwira. Pambali padali mphika wa masamba ndi mizu. Ana ankaizungulira patali. Ine za mwambo umenewu ndidali nditangomva, ndipo ndidauiwala pa tsiku lomwe ndinkayenera kuukumbukira.

“A fundi! Mwatsata chiyani kuno kumphepo?” adafunsa a Shaba, osaimirira.

Ndidanena za matabwa, kenako za oyilo, n'kutambasula dzanja. Adandigwira pamkono, osati mwaukali, koma ndidamva mafupa.

“Yayi, ndapota. Futi yasamba. Ikasamba saigwira munthu wina mpaka igwetse nyama. Ngakhale mkazi wanga saidutsa kutsogolo. Mukaigwira, mbwenu mankhwala asuluka, nyalubwe andiona ine ndisanamuone.”

Ndidati ndine fundi wa boma, iwo adati boma lidzaigwira Lolemba. Ndidati oyilo ndi wofunika, iwo adati adathira okha wa njinga. Nzeru zanga zonse zidathera pakhondepo. Adati alowa m'nkhalango kukacha, poti mapazi adawaona kumtsinje. Ndidawapempha kuti tipite kuseri kwa mulu wa utuchi, komwe kudalibe munthu.

“A Shaba, mfuti yanuyo silira. Ndinaifupikitsa msomali ndi manja angawa, miyezi yapitayi. Ndinalamulidwa. Wabwino ndi uyu.”

Adayang'ana mpango uja, adayang'ana ine. Nkhope yawo siidasinthe. Ndinkayembekezera kuti andimenya kapena aseka n'kuti, takugwira. Adangofunsa kuti, “Yanga yokha?” Ndidati ayi. Adafunsa kuti, “Wakutumani kuno ndi bwana?” Ndidati bwana akudziwa kuti ndili ku tchalitchi kuphunzira nyimbo. Kenako adapita pakhonde, adanyamula mfuti ija pa timitengo take, mlamu wawo akukuwa kuti mukuchita chiyani, n'kudzaiika m'manja mwanga. Ndidasintha msomali pa chitsa, iwo ataima pamwamba panga. Kuyesa kudali kosatheka, poti kukadadya chipolopolo ndipo mudzi wonse ukadamva. Sadathokoze. Adalandira mfuti yawo n'kunena kuti lole yomaliza inyamuka posachedwa, ndisaiphonye.

Lolemba lake

Lamulungu lonse mvula idagwa ndi mabingu, ndipo ine ndidakhala pawindo kudikira galimoto yodzanditenga. M'maganizo mwanga mudali zinthu ziwiri, ndipo zonse zidali zoipa. Mfuti ikakana, ndapha munthu. Ikalira, bwana adziwa kuti msomali udamera, ndipo misomali simera yokha.

Lolemba masana a Shaba adatsika lole, phewa litamangidwa nsanza zamagazi, chikopa cha kambuku chili pamutu pa mlamu wawo. Mwa lamulo mfuti inkayamba yafika kwa ine. Adaiika patebulo n'kunena mokweza, kuti amesenjala amve, “A fundi, futi yanu iyi ndi yakufa. Yandikana pamaso pa nyalubwe.” Atatero adatuluka. Ndidanunkhiza mpope wake. Fungo la wonga lidali momwemo. Ndidatseka chitseko, ndidatsuka mpope, ndidabwezeramo msomali wofupika uja.

Posakhalitsa adandiitana ku ofesi ndi mfutiyo. Chikopa chidali pansi, chili ndi bowo lalikulu pachifuwa, long'ambidwa ndi mkondo kupitirira muyeso. Patebulo padali zipolopolo ziwiri. A Shaba ankafotokoza ataima njo. Adati adakhethemula, mfuti idangoti tha, adakoka bawuti, chipolopolo chidagwera mu udzu, chilombo chidawagwera paphewa, ndipo adachimaliza ndi mkondo wa mlamu wawo. Adati adabwerera kukafuna chipolopolocho koma madzi adali atakokolola. Mlamu adavomereza. Za kulira kwa mfuti, adati kudali mabingu okhaokha.

“Mbewe, tayesani tione,” adatero bwana Chikafa.

Tidatuluka panja. Ndidalowetsa chipolopolo, ndidaloza ku chulu, ndidakhethemula. Tha. Bwana adandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidaona kuti wakondwa nane zenizeni. Kenako adatembenukira kwa a Shaba.

“Mfuti kukana si mlandu, ndi zakale izi. Koma chipolopolo cha boma sichitayika, a Shaba. Mwapatsa yani?”

A Shaba adangoti, “Chatayika, bwana.” Adawafunsa kangapo, yankho lidali lomwelo. Khoko la chipolopolocho likadawapulumutsa, ndipo ndikhulupirira lidali m'thumba mwawo kapena pansi pa damu la Luwawa. Akadangolitulutsa, iwo akadapita kwawo ndi ulemu wa mlenje, ine n'kukwera galimoto. Madzulo asanafike galimotoyo idabwera, ndipo amene adakwera adali a Shaba, phewa likadali kukha magazi. Podutsa pakhomo panga sadacheuke. Ndidalira ngati mwana m'kachipinda kaja, nditaluma nsanza ya oyilo kuti amesenjala asamve.

Misomali ya amuna ena aja ndidaibwezeretsa mmodzimmodzi, mwakachetechete, bwana Chikafa atasamutsidwa chaka chotsatira. Asanachoke adandilembera mawu abwino, ndipo ndiwo adandikwezetsa pantchito. Akazi a a Shaba, a NyaLungu, ndinkawatumizira ufa ndi sopo kudzera kwa dalaivala wa lole, osatchula dzina. Kawiri konse adabweza, ati sadya za munthu wosaoneka nkhope.

Kumapeto kwa zaka zomwezo: pa Jenda

Patapita zaka adandisamutsira ku Kasungu. Basi idaima pa Jenda kuti anthu agule tomato ndi mbatata, ndipo ine ndidatsika kukawongola miyendo. Pansi pa mtengo padakhala nkhalamba yogulitsa mipini ya makasu. Idali itaonda, mano akutsogolo atatha, dzanja limodzi silinkakwera bwino. Ndidaizindikira ndi kayang'anidwe. Ndidayamba ndaona uku ndi uku, monga mwa chizolowezi, kenako ndidakhala pansi pafupi nayo ngati wosankha mpini.

“A fundi,” adatero a Shaba. “Mwanenepa.”

Adati adawatulutsa chaka chapitacho, popanda mlandu, popanda pepani, popanda penshoni. Ndidagwira mpini uwu, ndidagwira uwo, kenako ndidafunsa chomwe chidandisowetsa tulo zaka zonsezo.

“A Shaba, tsiku lija munandikhulupirira bwanji? Munaswa mwambo wanu chifukwa cha mawu anga okha.”

Adaseka mpaka kutsokomola. “Kukhulupirira inu? Yayi! Ine ndinkadziwa kuti kazitape wa bwana ndinu. Tonse tinkadziwa. Munthu wa kwawo, wodzitsekera m'chipinda, woyankha kuti mvula ikugwa mu Okutobala. Nyama ija ndinkapereka kuti mwana wanga asachotsedwe ntchito kumacheka, ndipo ndinkati mukandiona mukalemba. Mutabwera ndi kampango kanu ndinati mbwenu, futi yanga inali yamoyo, uyu watumidwa kudzaipha. Kukana kachiwiri sindikanatha, ndinu fundi wa boma. Ndinalowa m'thengo opanda mankhwala, opanda futi yoidalira, mkondo uli pafupi chomene. Ndinatsanzika mlamu ngati wopita kumanda.”

“Nanga munadziwa liti?”

“Nyalubwe ali m'mwamba. Ndinakhethemula poti chala chinazolowera. Italira ndinadabwa kuposa iye.”

Kondakitala adayamba kumenya basi m'mbali, mayi anu akundikodola pawindo. Ndidaimirira, koma ndidawatembenukiranso ndi mawu ena.

“Koma khoko lija munali nalo. Mukanalionetsa, zaka zonsezi mukanakhala kwanu.”

A Shaba adatola mpini womwe ndidausiya n'kuubweza pamulu, akuulinganiza ndi inzake.

“Enya, ndinali nalo,” adatero. “Nanga munthu ndamudziwa Lamulungu, ndikamupereke Lolemba? Kwerani, a fundi, basi ikusiyani.”